Lipoti la ku maphunziro a kayezedwe ka malo omangapo nyumba

Moni a tcheya, a komiti ndi nonse a pa gulu. Ndabwerako ku maphunziro munanditumako aja, ndati ndilembe lero lomwe ndisanayiwale chifukwa kope langa linanyowa ndi mvula, zina ndikuchita kuzitola m'mutu.

Tsiku loyamba tinayamba osagwira khasu olo pang'ono, ine mpaka ndinayamba kuboweka. Mmisiri wotiphunzitsa uja anangotiyendetsa pa puloti nkumatifunsa kuti mvula ikagwa pano madzi amalowera kuti, ife tonse duu, kenako anatilozera timizere ta mchenga ndi zinyalala zomwe madzi anasiya zitakodwa m'maudzu, pompo tinaona kuti pomwe ambiri tinasankha kuti pakhale nyumba mpomwe pamadutsa madzi. Akuti malo uziwaona nthawi ya dzinja, chilimwe paliponse pamaoneka pabwino.

Za dothi anatikumbitsa dzenje lakuya ngati mita imodzi. Dothi lakuda la pamwamba lokhala ndi mizu lija lichoke lonse, silinyamula nyumba. Makande ndiye oopsa, amafufuma akanyowa nkuchita ming'alu akauma ndiye khoma limatsatira zomwezo. Tinathira dothi m'botolo la madzi nkukhutchumula, mchenga unakhazikika pansi nthawi yomweyo koma dongo linasiya madzi ali mbuu mpaka mawa lake, ukayang'ana mizere m'botolomo umadziwa chomwe chachuluka. Pa chulu kapena pomwe panali dzenje lokwiriridwa osamangapo, zitsa zizulidwe ndi mizu yomwe chifukwa zikawola pansi pamatitimira komanso zimaitana chiswe.

China chomwe ine sindinkachiganizira nkomwe, pepala la pulani likhale ndi bwalo lonse osati nyumba yokha. Chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Njira yoti lole ya njerwa ndi mchenga ifike, potsitsira katunduyo, komanso mbali yomwe mudzawonjezere zipinda ana akakula. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kumwera, dzuwa la m'mawa ndi la madzulo lizimenya makoma aafupi, m'nyumba simutentha kwambiri. Malire mugwirizane ndi aneba pali mboni musanakhome chikhomo chilichonse.

Tsiku lachiwiri ndiye linali la chingwe ndi tepi, apa mpomwe ndinaona kuti thiransipoti munandipatsa ija sinapite pachabe. Kona ya nyumba amaiwongola ndi 3, 4, 5. Kuchokera pa chikhomo cha pa kona muyeze mamita 3 mbali imodzi, 4 mbali inayo, ndiye pakati pa nsonga ziwirizo pakwane 5 ndendende, pakapanda kukwana muzisuntha chingwe mpaka pakwane. Makona anayi onse akatha muyeze mopingasa, kuchoka kona iyi kukafika yoyang'anizana nayo, miyezo iwiriyo ifanane. Nyumba ya mamita 6 kwa 8 mopingasa imakwana 10. Gulu lathu tinapeza kusiyana ngati chikhatho changa, mnzanga wina nkumati aaa zazing'ono izi pulasitala adzabisa, mmisiri anangoseka nkutiuza kuti pulasitala abisa khoma koma malata sabisa, akafika pamwamba adzatuluka ngati mano a sowo. Titabwereza tinapeza kuti wogwira tepi ankaisiya ikulendewera pakati. Wogwira tepiyo ndinali ine, musandiseke.

Zikhomo za pa kona zimazuka mukayamba kukumba, nde amakhoma timatabwa topingasa kunja kwa maziko, kutalikira ngati mita imodzi, nkukhomapo misomali yosonyeza m'lifupi mwa ngalande ndi mwa khoma. Chingwe umachotsa pokumba nkudzachibwezera pa msomali womwewo. Timatabwa tonseto tikhale pa levulo imodzi, ndipo sipafunika mashini, payipi yoonekera mkati yodzadza madzi basi, madzi amaima mofanana nsonga zonse ziwiri bola musakhale thovu la mpweya. Pansi pa ngalande pakhale levulo, malo akakhala otsetsereka mukumbe ngati masitepe osati motsatira kutsetsereka. Simenti ya pansi m'nyumba ikwere masentimita osachepera 15 kuchoka pa dothi la panja.

Za denga ndi mitengo yake anangodutsamo mothamanga nthawi itatha, sindinatolepo zambiri.

Pempho langa ku komiti ndi loti gulu ligule tepi yaitali ya mamita 30, chingwe cha amisiri ndi payipi ija, tizibwerekana. Komanso amene mumafuna kuyamba kukumba sabata ya mawa mudikireko pang'ono, Loweruka tikumane pa puloti yanu tiyezere limodzi, aliyense agwireko tepi. Amene muli ndi matabwa otsala ndi misomali mubwere nazo, hamala ndibweretsa ine.