Zitini za pa shelefu paja

Mwanawanga,

Mng'ono wako wandionetsa chithunzi chimene unatumiza pa WhatsApp Lamulungu. Onse m'nyumba muno amayang'ana nkhope yako, ati wasalala, ati diresi la buluu lija layambanso kukukwana. Ine maso anga anadumpha n'kukagwera kumbuyo kwako, pa shelefu, pamene pandandalikidwa zitini zitatu za ufa wa mapuloteni. Ndinamuuza kuti akulitse chithunzicho ndi zala. Chitini chachikulucho chalembedwa kuti collagen. Tulo sindinationenso usiku umenewo.

Ndamva kuti amakugulitsa ndi mnzako uja. Usavutike kufunsa amene wandiuza. Ndi yemwe uja wa mafuta oyeretsa khungu, yemwe uja wa tiyi wochepetsa mimba amene anakutsegula m'mimba sabata yathunthu mpaka unalephera kuvina pa ukwati wa msuweni wako. Lero wasanduka dokotala? Iwe wagona pa tebulo la opaleshoni, wadulidwa chifu kuti uchepetse thupi, ngongole ya kuchipatala sunamalize kubweza, ndiye zoti udzidya akuuze munthu amene amalandira kangachepe pa chitini chilichonse chimene wagula? Iai mwanawe, pamenepa wandikhumudwitsa.

Paja unandifotokozera wekha kuti anachotsa magawo atatu mwa anayi a chifu chako, mwinanso kuposa, n'kusiya kachubu kooneka ngati nthochi. Pepala limene anakupatsa katswiri wa kadyedwe likuti upeze mapuloteni okwana magalamu 60 mpaka 80 tsiku lililonse. Dzira limodzi lili ndi magalamu ngati 6 okha. Werengera wekha, ndi mazira khumi amenewo kuti ungofika pa 60, iwe amene dzira limodzi likukukhutitsa. N'chifukwa chake ufawo sindikuukana. Miyezi yoyambirira ino ukufunika ndithu. Koma kachifu kako kalibe malo otaya, supuni iliyonse yolowamo iyenera kugwira ntchito.

Collagen ameneyo ndikuuze chimene ali. Ukukumbukira mang'ina aja ankawakonda bambo ako, msuzi wake ukagona m'poto m'mawa n'kuupeza utaundana, ukunjenjemera? Chimene chimaundanitsa msuziwo ndi chomwecho. Amachitenga ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe, nkhumba kapena nsomba. Si poizoni ayi. Koma thupi limafuna tizigawo 9 ta mapuloteni timene silingathe kupanga lokha, ndipo mu collagen kamodzi kotchedwa tryptophan mulibiretu, tina tilimo pang'ono chabe. Pa chitini alemba magalamu ambiri, iwe n'kumawerengera kuti lero ndakwanitsa, chikhalirecho minofu ikusungunuka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndikudziwa chimene wakuuza. Wakuuza za tsitsi, si choncho? Wadziwa pokugwirira, chifukwa iwe ndi tsitsi lako kuyambira kale! Uli sitandade 4 unalira tsiku lonse aphunzitsi atalamula kuti mumete, unakabisala kuseri kwa nkhokwe ya agogo ako mpaka mdima. Tsitsi limathothoka ndithu kwa ambiri pakapita miyezi itatu kapena inayi chichitireni opaleshoni yotereyi, thupi likamatsika msangamsanga, ndipo kawirikawiri limameranso. Chimene chingakuthandize ndi mapuloteni enieni okwanira, ndi mankhwala aja anakulembera, a iron, vitamini B12 ndi calcium. Kodi ukumwa? Iwe mankhwala umayamba bwino masiku atatu, lachinayi ali pansi pa bedi.

Fufuza ufa wolembedwa whey protein isolate. Whey ndi madzi aja amalekana ndi mkaka ukagwirana, monga umaonera pa chambiko, amawasefa n'kuwaumitsa. Muli tizigawo tonse 9. Mawu akuti isolate usawaphonye, akutanthauza kuti asefa kwambiri mpaka shuga wa mumkaka ndi mafuta zatsala pang'ono zedi. Wolembedwa concentrate ndi wotsikirako mtengo, koma shuga wa mumkaka amakhalamo wambiri, ndipo mimba yako ndi mkaka sizinagwirizanepo chibadwire. Ndine ndinkachapa matewera, ndikudziwa. Ukaona kuti ngakhale isolate akukutupitsa, ulipo wa soya, nawonso ndi wathunthu.

Ukafika m'sitolo, kaya ku Dis-Chem kaya ku Clicks, usakopeke ndi kutsogolo kwa chitini kumene kuli mnyamata wa minofu yotupa. Tembenuza, uwerenge kumbuyo. Mlingo umodzi ukupatse mapuloteni magalamu 20 kapena kuposerapo, shuga asapitirire magalamu 5. Uonetsetse ngati manambalawo akunena za mlingo umodzi kapena za magalamu 100, pamenepo anthu amapusitsika. Cholembedwa mass gainer usachikhudze n'komwe, chimenecho ndi cha ofuna kunenepa, chadzaza sitachi ndi shuga. Shuga wambiri akathamangira m'matumbo nthawi imodzi ukhoza kutuluka thukuta, mtima kugunda, chizungulire, kenako kuchimbudzi. Ndipo ugule kakang'ono kaye. Lilime limasintha pambuyo pa opaleshoni, chimene wachikonda lero mawa chikuchititsa nseru, ndiye utsale ndi chidebe cha makilogalamu awiri ngati ndalama zako umatola pansi.

Mwina ukuti amayi akukokomeza. Zaka zonse zija ndili m'wodi ya ana ndinaona chimene kusowa kwa zakudya zomanga thupi kumachita. Mwana wokhuta phala la mgaiwa tsiku ndi tsiku, koma mapazi otupa, ukadina ndi chala pamatsala dzenje, tsitsi lofiirira lopyapyala, chilonda chosapola. Mayi ake n'kumati koma amadya bwino. Ndikaona zitini zako zija ndimaona mapazi amenewo. Ndiwe munthu wamkulu, ndikudziwa, uli ndi ntchito yako ndi nyumba yako ku Joni konko, koma thupi silifunsa zaka. Ukaona akakolo akutupa, kapena masitepe a pa fulati pako ayamba kukutopetsa mwachilendo, upite kuchipatala tsiku lomwelo, osati kwa mnzako uja.

Zing'onozing'ono izi ndingaiwale. Ufawo usauthire m'phala lotentha kwambiri, umaundana zibulumwa, lizizireko kaye. Uzimwa pang'onopang'ono, osagugudiza ngati thobwa. Madzi ndi chakudya usaphatikize, padutse mphindi 30. Vinyo wa Lachisanu uja ndi gulu lanu umuiwale kaye, tsopano mowa ukulowa m'magazi msanga kusiyana ndi kale, tambula imodzi ikhoza kukugwetsa.

Sindikuti udane naye mnzakoyo. Anakudikirira kuchipatala ine ndili kutali, zimenezo ndimathokoza ndipo ndinamuuza. Mucheze, mupemphere limodzi. Koma zitini zake mubwezere, ndipo akakuuza kuti ulowe nawe m'gulu logulitsa, uti amayi anga akana. Undinamizire ine, ndazolowera. Tsiku lokaonana ndi katswiri wa kadyedwe utenge chitini chimene ukufuna kugula, kapena chithunzi chake, akuwerengere yekha.

Ndinalira ukundiuza za opaleshoniyi, sindibisa. Kwathu kuno munthu akanenepa timati akudya bwino, ndipo azakhali ako mpaka pano akufunsa ngati ukudwala. Koma shuga ndi BP zinandilanda mchemwali wanga ndikuona, ndiye unachita bwino kulimba mtima.

Usipa ndaguliratu, ndausinja kukhala ufa woti udzathira m'supu adokotala akakuloleza. Ndipatsira mwana wa aneba amene akukwera basi kumapeto kwa mwezi. Bambo ako akupereka moni, ati mango a pa mtengo wako uja abereka mpaka nthambi yathyoka. Unditumizire chithunzi cha kumbuyo kwa zitini zonse zitatu, manambala aoneke bwino, magalasi anga ndinakonzetsa.

Ndine,
Mayi ako