Bonongwe si udzu, timpatse malo kuseri kwa nyumba

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi anzanga okhala m'tauni, makamaka ife a m'nyumba zalendi. Ikafika Okutobala, mulu wa repu kumsika umachepa pomwe mtengo ukukwera, ndipo tonse timadandaula. Koma anthu omwewo mukawayendera kwawo mupeza akuzula bonongwe ndi chisoso zomwe zamera zokha, ati bwalo lioneke bwino. Zimandiwawa zimenezi.

Ine kwathu ku Chilomoni ndilibe dimba. Ndili ndi matumba akale a feteleza omwe ndinadzaza dothi losakaniza ndi zitosi za nkhuku, n'kuwaboola m'mbali. Zitosizo ziyambe zawolerana, chifukwa zaziwisi zimawotcha mbande. Repu, mpiru ndi chayinizi ndimadzala nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Kukangotentha nsabwe zimaunjikana kunsi kwa masamba, ndiye sindilimbana nazo. Malo awo ndimafesa bonongwe ndi luni. Awa dzuwa saliopa. Pakatha mwezi umayamba kuthyola, ndipo ukamatsina nsonga zokha amaphukira nthambi zina. Kholowa ndiye savuta n'komwe: kungopempha nthambi ziwiri zitatu za mbatata kwa mnzako n'kuzikwirira. Ena amati luni ndi wowawa. Eya, amawawa, koma muphatikizeni ndi bonongwe, mutendere ndi nsinjiro, muone ngati ana asiya m'mbale.

Nkhani ya madzi isatiwopseze. Otsukira mpunga ndi otsukuluzira mbale amakwana, bola asakhale a sopo wochapira zovala. Pamwamba pa dothi ndimaphimbira ndi udzu wouma kuti chinyezi chikhalitse. Tizilombo tikabwera ndimasinja adyo, tsabola wa kambuzi ndi masamba a nimu, kuviika usiku wonse, m'mawa n'kusefa n'kuwaza. Sizipha tizilombo tonse, komabe ndimadya ndili ndi mtendere mumtima. Alimi ena amapopera mankhwala lero, mawa masambawo ali pamsika, osadikira masiku omwe alembedwa pabotolo. Ogula sitingazindikire ndi maso. M'zitini ndili ndi lemon grass wothira mu tiyi, ndi mpungabwi womwe agogo ankafukiza pothamangitsa udzudzu.

Dandaulo langa lenileni ndi mbewu. Lowani m'sitolo ya zaulimi, mupeza mapaketi a kabichi, repu, tomato ndi anyezi ali mbwee. Funsani mbewu ya luni kapena denje, wogulitsa akuyang'anani ngati mwasochera. Yanga ndinachita kutumizitsa kwa azakhali ku Ntcheu, yomangidwa m'kapepala, ndipo chaka chilichonse ndimasiya mitengo ingapo ikhwime kuti ndisunge ina. Dziko lino lili ndi malo ofufuzira za masamba ndi zipatso ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Ndikupempha akatswiri athu ndi makampani a mbewu kuti masamba amakolowa nawo azipezeka m'mapaketi ang'onoang'ono omwe mayi wamba angagule.

Eni nyumba nawonso atimvetse. Thumba la masamba siligwetsa khoma, ndipo wa lendi akamasamuka amanyamula.

Inunso a Mkonzi, tsamba lanu la zaulimi lisamangokamba za chimanga ndi fodya. Tilembereniko kafesedwe ka masambawa ndi kafutsidwe ka mfutso, chifukwa atsikana ambiri okulira m'tauni sadziwa kuti nkhwani ndi chitambe amazifutsa n'kuziyanika dzinja likamatha, kuti pakhomo pasasowe ndiwo m'chilimwe.

Mayi wokonda masamba,
Chilomoni, Blantyre