Wogwidwa ndi chamba nayenso ali ndi ufulu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa momwe milandu ya chamba ikuyendera kuno ku Lilongwe. Kuti chamba chikuwononga achinyamata kwa Mtandire, kwa Chinsapo, ku Kawale ndi ku Area 25, palibe kholo lingatsutse. Chondidandaulitsa n'chakuti lamulo lomwe timamangira anthu, la Dangerous Drugs Act, ndi la mu 1956, nthawi ya atsamunda, ndipo pofuna kuonetsa kuti akugwira ntchito, apolisi ena amadumpha ndondomeko zomwe malamulo aakulu a dziko lino anaika.

Gawo 42 la malamulo aakuluwo limanena kuti munthu akamangidwa auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chomwe amamva, auzidwenso kuti ali ndi ufulu wosayankha mafunso komanso wopeza loya. Akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Maolawo akathera pa tsiku lomwe khothi silikhala, apite tsiku loyamba lomwe khothi latsegula. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Komabe achibale ambiri amagulitsa mbuzi kapena foni kuti "awombole" mwana wawo, poti sadziwa kuti ndalama yomwe akupemphedwayo ndi chiphuphu.

Pomwe zinthu zimasokonekera kwambiri ndi pa umboni. Masamba omwe munthu wapezeka nawo ayenera kuyezedwa pa sikelo iye akuona, kulembedwa kulemera kwake, kumatidwa, kenako kutumizidwa ku malo ofufuzira za ulimi a Chitedze kuti akatswiri akatsimikize kuti ndi chambadi. Popanda lipoti limenelo mlandu sungayende bwino. Galimoto ikasowa mafuta, kapena lipoti likachedwa, woimira boma amapempha kuti mlandu uimitsidwe, ndipo woganiziridwa amabwerera ku ndende ya Maula kukadikira. Chonsecho lamulo loyendetsera milandu, monga linakonzedwera mu 2010, limati pa mlandu wa kukhothi la majisitireti munthu asasungidwe masiku oposa 30 mlandu wake usanayambe, pokhapokha khothi litawonjezera nthawiyo. Mnyamata wopezeka ndi ndudu ziwiri akhoza kukhala pa rimandi nthawi yaitali kuposa chilango chomwe akanalandira. N'chifukwa chake ambiri amangovomera mlandu kuti zithe, osadziwa kuti mbiri yoti anamangidwapo idzawatsekera ntchito moyo wonse.

Palinso gawo 176 la lamulo lomwelo, lomwe limalola khothi kulandira chivomerezo cha woganiziridwa ngakhale iye akunena kuti anachita kumenyedwa kuti asayine. Gawo 19 la malamulo aakulu limaletsa kuzunza munthu, koma malinga ngati chivomerezo chokakamiza chikulandiridwa kukhothi, chibonga sichidzasowa ntchito m'chitokosi. Aphungu athu akonze gawo limeneli.

Kusesa anthu usiku m'misika, m'madepoti ndi m'malo omwera mowa nako sikunathe. Mu 2017 Khothi Lalikulu linathetsa mbali ya lamulo la vakabu yomwe apolisi ankamangira anthu pongowaganizira, ndipo mu 2022 khothi la ku Zomba linagamula kuti kusesaku n'kosemphana ndi malamulo. Ogwidwa motere amakhala akabaza, ogulitsa malonda ndi ana a mumsewu. Mwana wosakwana zaka 18 sayenera kutsekeredwa pamodzi ndi akuluakulu, ndipo lamulo losamalira ana la 2010 limalola kuti mlandu wake wochepa uthere kunja kwa khothi, kudzera mu uphungu, makolo ake ndi a zachisamaliro cha anthu alipo.

Tsankho likuonekera poyera. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inavomereza ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale, koma chiphaso cha chamba cha mankhwala chinaikidwa pa madola 10,000, cha m'mafakitale pa madola 2,000. Mlimi wa ku Nkhotakota angazipeze kuti ndalama zimenezo? Mu 2022 dziko lonse linadandaula pamene mnyamata wa ku Blantyre anagamulidwa zaka 8 chifukwa cha chamba, pomwe bwana wina wa kampani yaikulu anangolipira chindapusa. Pa zipata za apolisi za m'misewu wogwidwa amakhala wonyamula thumba. Mwini katundu, yemwe analipira galimoto, samveka dzina.

Ndikupempha kuti lamulo lisiyanitse wosuta, wotumidwa ndi wogulitsa wamkulu, potchula kulemera kwa chamba pa gulu lililonse. Wosuta apatsidwe chilango chogwira ntchito zothandiza dera, komanso atumizidwe kwa alangizi monga a ku chipatala cha Bwaila kapena a Saint John of God. Ku Maula n'kodzadza kale, ndipo khothi linanena kale mu 2009, pa mlandu wa Masangano, kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza.

Kwa makolo omwe mwana wawo watsekeredwa: lembani tsiku ndi ola lomwe anamangidwa, dzina la polisi ndi nambala ya mlandu. Ngati wavulazidwa, pemphani kalata yopita nayo kuchipatala, ndipo mumuuze majisitireti tsiku loyamba lomwelo. A Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama ya loya, ndipo madandaulo okhudza apolisi amalandiridwa ku Independent Complaints Commission ndi ku Malawi Human Rights Commission.

Wowerenga wanu,
Lilongwe