Nkhuku ndi mbuzi zopita kumsika zimamva ululu

Akonzi,

Ndine mlimi wa ng'ombe zamkaka kuno ku Bvumbwe, ndipo chikundiwawa ndi kanyamulidwe ka ziweto popita nazo kumsika. Mumsewu wa Limbe kupita ku Thyolo simungalephere kuona nkhuku zomangidwa miyendo zikulendewera chazondoka pahandulo ya njinga, kapena mbuzi yokulungidwa ndi mphira pakaliya, dzuwa likuswa mtengo, chichokereni kunyumba osalawa madzi. Mukafunsa, mwini wake amangoti, "Ndi ndiwo izi amayi, mawa zili mumphika."

Mumphika zidzalowadi, koma panjirapo zikadali zamoyo. Nkhuku ilibe mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba monga tili nawo anthufe, choncho ikazondotsedwa zam'mimba zimaipanikiza, imapuma movutikira. N'chifukwa chake imafika pamsika kukamwa kuli yasa.

Ife okama sitifunika kuuzidwa kuti nyama imamva. Ng'ombe mukaikalipira kapena kuimenya pokama imabisa mkaka, chifukwa mantha amautsekera m'bere. Imadziwa mawu a amene amaidulira nsenjere, ndipo kukabwera mlendo m'khola imasunthira kumbali. Mukaichotsera mwana imalira usiku wonse mpaka mawu kusasa, moti mayi aliyense wobereka akamva kulirako tulo samapeza. Ndi makola athu omwe, ena ng'ombe imaima m'matope ndi ndowe dzinja lonse popanda pouma pogona, kenaka tizidabwa kuti matenda a bere ndi a ziboda achokera kuti.

Ku Britain mu 2022 adakhazikitsa lamulo lovomereza kuti nyama zimamva ululu, mpaka nkhanu zomwe adaziwerengera. Kwathu kuno lamulo loletsa kuzunza nyama la Protection of Animals Act lilipo kuyambira kale, koma kumudzi kuno ndani adalimvapo? Pamsewu amafunsa ngati mbuziyo si yakuba, zomwe n'zoyenera, koma za mwendo wotupa ndi chingwe palibe amafunsa.

Ndikupempha alangizi a ziweto ndi makomiti a misika ya Bvumbwe ndi Luchenza kuti ayambepo. Nkhuku zizibwera m'zikwere zili choimirira, ndipo pogulitsira mbuzi pakhale mthunzi ndi madzi akumwa. Eni mabutchala nawonso athandize kukana mbuzi yofika itatheratu, poti akudziwa kuti nyama yake imada ndipo siichedwa kuonongeka.

Mlimi wa ng'ombe zamkaka,
Bvumbwe, Thyolo