Tisamathamangire kernel yatsopano chisawawa

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko ndi anzanga amene asamukira ku Linux, sisitimu ina yoyendetsa kompyuta, chisiyireni Microsoft kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025. Malaputopu athu ambiri ndi akaunjika, Windows 11 imawakana poti alibe kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndiye kusamukako ndikukumvetsa. Chikundidetsa nkhawa ndi malangizo akuyenda m'magulu a WhatsApp oti kernel yatsopano ikangotuluka ikani pompo.

Kernel ndi mtima wa Linux, ndi imene imalankhulana ndi wifi, printa, sikirini, zonse za m'kati mwa makina. Linus Torvalds, amene anayambitsa Linux, ndi anzake amatulutsa ina masabata 9 kapena 10 aliwonse, ndiye mukati muziithamangitsa mudzalema nokha.

Ine ndili ndi kamalo kotayipira ndi kupulinta, ndinayamba kale kugwiritsa Linux Mint 21, mtundu wina wa Linux, pa kernel 5.15 ndipo zonse zinkayenda bwinobwino. Usiku wina ndinaika 6.8 poti aliyense amaitama, kuyatsa m'mawa kachizindikiro ka wifi kulibe, driver, kapulogalamu koyendetsa wifiyo, yakana kugwirizana nayo, pabenchi panja pali mayi wina wagwira envulopu akudikira ndimutumizire mafomu a mwana wake pa imelo tsiku lotsekera lili lomwelo. Mtima unandipweteka zedi. Chinandipulumutsa nchoti yakale ija ndinali ndisanafute. Ndinazimitsa, poyatsa nkugwira Shift, GRUB, kamndandanda kosankhirapo kernel poyatsa, itabwera ndinalowa pa Advanced options nkusankha 5.15, wifi yabwerera.

Musandimve molakwika, sindikuti tizikana ma update. Aja ang'onoang'ono otseka mabowo a chitetezo pa kernel yomwe muli nayo kale ikani msanga ndithu. Mu 2022 kunapezeka bowo lotchedwa Dirty Pipe loti munthu wamba amatha kulemba m'mafayilo oletsedwa mpaka kulanda makina onse, ndipo linatsekedwa ndi update yaing'ono ngati yomweyo, sipanafunike kulumphira nambala ina. Debian 12, mtundu winanso wa Linux, inatuluka mu 2023 ndi 6.1 ndipo yakhala pomwepo, amangoikonza.

Kulumpha kumamveka ngati mwagula chipangizo chatsopano chomwe kernel yanu sikuchizindikira. Zikatero lembani uname -r mu Terminal (polembera malamulo) muone kernel yomwe muli nayo, sungani kope la sisitimu ndi pulogalamu ya Timeshift, batire likhale lodzadza chifukwa magetsi akazima kuikako kuli pakati makina atha kukana kudzuka, ndipo yakale musaifute mpaka papite sabata.

Ine ndikhala pa 5.15 mpaka 2027 pomwe Mint 21 idzasiye kulandira ma update.

Wowerenga wanu,
Zomba