Loweruka lino tikukadzala mitengo ku Soche

Abale ndi alongo a m'gulu lathu, Loweruka lino tikumane m'munsi mwa phiri la Soche, mbali ya ku Chilobwe, nthawi ya 6 koloko m'mawa dzuwa lisanakwere. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo nthaka yafewa bwino ndi mvulayi.

Malowa sitinangowasankha. Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anagumula phirili, matope ndi miyala n'kukokolola nyumba ndi anthu. Ena mwa ife tinali komweko, tikufukula ndi makasu. Pomwe panadutsa matope aja pakadali poyera, miyala ili mbuu.

Mbande za mbawa ndi mthethe zilipo kale m'machubu. Inu bwerani ndi khasu, chidebe, ndi wilibala ngati muli nayo. Chonde, chubu chichotsedwe musanakwirire, chifukwa mbande yokwiriridwa ndi pulasitiki mizu yake imapiringizana, osakula.

Amfumu a deralo atilola, ndipo achinyamata a komweko adzatithandiza kupalira m'miyezi ikubwerayi. Amene akubwera auze mlembi pofika Lachinayi, kuti thobwa ndi zitumbuwa zikwanire.