Liwombo likalowa, mwana akufuna madzi

Akonzi,

M'midzi ya ku Chadiza, Katete ndi Vubwi, mwana akatsegula m'mimba, agogo amawiritsa masamba a gwafa. Liwombo likalowa, ena amamatapo mizu yosinja. Sitikunyoza nzeru za makolo, koma apa pakutayika ana. Liwombo limalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo chomata pamutu sichiwabwezera.

Amayi, wiritsani lita imodzi ya madzi, muwaziziritse, muthiremo timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mchere, tosasefukira. Mchere ukachuluka umavulaza mwana. Madziwo asawawe kuposa misozi. Mwetsani pang'onopang'ono. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso. Mapaketi a ORS (ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi) ndi mapiritsi a zinki ochokera kuchipatala ndiwo abwino koposa.

Khanda losakwana miyezi 6 lisamwe zitsamba zilizonse, koma lipitirize kuyamwa bere. Wokulirapo, ufa wa chammwamba kapena wa malambe m'phala umamuthandiza ngati chakudya.

Kumwetsa mwana nimu thupi likatentha ndiye tikukana. Mwana wotentha thupi ayezedwe malungo tsiku lomwelo. Akakomoka, akakana kuyamwa kapena chimbudzi chikakhala ndi magazi, thamangani naye kuchipatala, ngakhale usiku.

Ife,
Azaumoyo a m'midzi, Chadiza